Ndani amalipira kafukufuku wa kusintha kwa nyengo, nanga ife tingalowemo bwanji ngati eni ake?

Mphunzitsi wina wachinyamata wa pa yunivesite kuno ku Malawi watilembera motere: "Chaka ndi chaka timamva pa wailesi kuti mayiko olemera alonjeza mabiliyoni a madola olimbanira ndi kusintha kwa nyengo. Ine ndimafufuza za madzi a m'mitsinje, koma ngakhale ya mafuta a galimoto yopitira kukayeza mtsinje imandisowa. Anzathu akunja akabwera amatipatsa ganyu yofunsa anthu mafunso m'midzi, akapita basi zii. Kodi kafukufuku wa mayiko ambiri ameneyu amamulipira ndani, ndipo ife tingalowemo bwanji ngati eni ake osati aganyu?"

Achimwene, mabiliyoni amene mumamva pa wailesiwo si a kafukufuku, ndipo ndi bwino tiyambire pomwepo. Madola 100 biliyoni pa chaka amene analonjezedwa ku Copenhagen mu 2009, ndi madola 300 biliyoni pa chaka amene anagwirizana ku Baku mu 2024, ndi ndalama zogwirira ntchito: kumanga madamu ndi zotchingira madzi osefukira, kuika magetsi a dzuwa, kuthandiza alimi. Gawo lina ndi ngongole ndithu. Zimadutsa m'maboma, m'mabanki a chitukuko ndi m'matumba monga Green Climate Fund ndi Global Environment Facility. Kuno kwathu Green Climate Fund inavomereza mu 2015 madola 12.3 miliyoni a pulojekiti ya M-CLIMES, imene inagula zipangizo zoyezera nyengo ndi kuika zina zoyandama pa nyanja ya Malawi kuti asodzi azichenjezedwa za mwera. Ntchito yabwino ndithu, koma wofufuza wa pa yunivesite amalowa m'ntchito zotere ngati konsotanti wa miyezi yowerengeka. Funso lake la sayansi salipiridwa nalo kumeneko.

Ndalama za kafukufuku weniweni zili kwina, ndipo n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimenezo. Dziko lapansi lilibe thumba limodzi la sayansi. Anthu ambiri amaganiza kuti IPCC, bungwe la akatswiri lolemba malipoti a kusintha kwa nyengo, ndiyo imalipira, koma ayi. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1988 ndi nthambi ziwiri za United Nations, ya zanyengo ndi ya zachilengedwe, ndipo silichita kafukufuku wakewake. Limasonkhanitsa ndi kusanthula zimene ena afalitsa kale. Akatswiri amene amalemba malipoti ake salandira malipiro. Ochokera m'mayiko osauka amangolipiriridwa ulendo wopita kumisonkhano. Mabungwe monga World Climate Research Programme, amene anayamba mu 1980, ndi Future Earth, amene analengezedwa ku Rio de Janeiro mu 2012, amagwirizanitsa ofufuza ndi kuwathandiza kusankha mafunso ofunika, koma alibe chuma chogawa chochuluka. Ndalama zenizeni ndi misonkho ya nzika za dziko lililonse, imene boma limapereka ku bungwe lake loona za kafukufuku: National Science Foundation ku America, UKRI ku Britain, DFG ku Germany, National Research Foundation ku South Africa. Ndipo bungwe lililonse limayankha kwa aphungu a nyumba ya malamulo ya kwawo, amene amafunsa kuti ndalama za anthu athu zapindulira bwanji anthu athu.

Nanga mayiko amagwirizana bwanji ngati aliyense wagwiritsitsa chikwama chake? Njira yodziwika bwino ndi ya Belmont Forum, mgwirizano wa mabungwe olipira kafukufuku umene unayamba mu 2009, mabungwe a ku America ndi ku Britain ndiwo anautsogolera. Mabungwewo amakhala pansi n'kusankha mutu umodzi, kaya wa nyanja zamchere, kaya wa chakudya ndi madzi, kaya wa nyengo ndi umoyo. Amalengeza pamodzi, ndipo amafuna kuti gulu lopempha likhale ndi ofufuza a m'mayiko osachepera atatu, muli a sayansi ya chilengedwe, a sayansi ya chikhalidwe cha anthu, komanso anthu amene adzagwiritse ntchito zotsatirazo. Mapulopozo amaunikidwa pamodzi. Koma ikafika nthawi yolipira, ndalama siziwoloka malire: bungwe la ku France limalipira Mfalansa, la ku Japan limalipira Mjapani, la ku South Africa limalipira wa ku Pretoria kapena Cape Town. Zili ngati banki m'khonde, kumene munthu amene sanaponye masheya amatha kukhala nawo pa mkeka n'kumamvera zokambirana, koma tsiku logawana sawerengedwa. Nthawi zina bungwe lina limavomera kuti gawo la ndalama zake lipite kwa ofufuza a m'mayiko osauka, ndipo zimenezi zimalembedwa m'malamulo a chilengezo chilichonse, choncho muziwerenga malamulowo mpaka kumapeto musanagwe ulesi. Komabe ngakhale khomo limenelo litatseguka, mutu wa kafukufuku amakhala atausankha kale eni ndalama. Ganyu imene mukudandaula nayoyo imabadwira pamenepa, osati kumudzi kumene mumakafunsa mafunso.

Zotsatira zake zinawerengedwa. Kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 2021, ndipo IPCC inamutchula m'lipoti lake la 2022 pa mutu wa Africa, anapeza kuti pakati pa 1990 ndi 2020 ndalama zofufuzira kusintha kwa nyengo zimene zinapita ku nkhani za Africa zinali 3.8 peresenti chabe ya zonse za padziko. Mwa zochepa zomwezo, 78 peresenti zinalandiridwa ndi mabungwe a ku Ulaya ndi ku North America, pamene mabungwe a mu Africa analandira 14.5 peresenti. Kunena kwina, ngakhale pofufuza za mvula yathu yomwe, ndalama zambiri zimathera pa malipiro, makompyuta ndi ophunzira a ku London, Oxford ndi Washington.

Pali njira yachiwiri imene yatithandiza kwambiri, koma ndi imenenso yatigwetsa kowawa. Mayiko ena amatenga gawo la ndalama zothandizira mayiko osauka n'kuliika ku kafukufuku. Chifukwa chakuti ndi ndalama za chithandizo, zimaloledwa kuwoloka malire. Umu ndi mmene Britain inalipirira Future Climate for Africa, ntchito ya mapaundi 20 miliyoni imene inayamba cha m'ma 2015. Nthambi yake imodzi, UMFULA, inafufuza za tsogolo la madzi a nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire komanso mtsinje wa Rufiji ku Tanzania, ndipo ina, FRACTAL, imene inkatsogoleredwa ndi yunivesite ya Cape Town, inagwira ntchito ndi makhonsolo a mizinda monga Lusaka, Maputo ndi Windhoek, mpaka Blantyre ndi Harare analowamo. Germany nayo inaika ndalama ku SASSCAL, likulu la kafukufuku wa nyengo ndi kagwiritsidwe ntchito ka nthaka limene mamembala ake a m'chigawo chino ndi Angola, Botswana, Namibia, South Africa ndi Zambia. Ndimaziyamikira ntchito zimenezi, chifukwa zinaphunzitsa achinyamata ambiri mpaka madigiri apamwamba.

Vuto lake n'lakuti ndalama za chithandizo zimayenda ndi mphepo ya ndale. Thumba la ku Britain la Global Challenges Research Fund, la mapaundi 1.5 biliyoni, linkaoneka lolimba. Mu 2021 boma la Britain litatsitsa chithandizo chake kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chimene dzikolo limapeza, UKRI inapezeka kuti yaperewera mapaundi 120 miliyoni pa ntchito zimene inali italonjeza kale, ndipo mapulojekiti anadulidwa ali pakati. Pulofesa wa ku Britain anapitiriza kulandira malipiro a yunivesite yake. Amene anatsala padzuwa ndi wothandizira kafukufuku wa ku Lilongwe kapena Lusaka amene ntchito yake yonse inali pa kontirakiti ya pulojekitiyo, pamodzi ndi mafumu ndi alimi amene anauzidwa kuti tibweranso. Mu 2025 boma la America litathetsa USAID, FEWS NET, imene kuyambira 1985 yakhala ikuchenjeza mayiko za njala ikubwera, inazimitsidwa kwa miyezi ingapo. Aliyense amene akumanga ntchito ya moyo wake pa ndalama zamtunduwu ayenera kudziwa kuti zingathe pa chisankho chimodzi cha kudziko kumene iye savota.

Musanditenge ngati ndikunena kuti tisiyane nawo akunjawo. Sitingathe, ndipo sitiyenera. Namondwe wa Freddy anabadwira kufupi ndi Australia mu February 2023, anawoloka nyanja yonse ya Indian, anakhala moyo masiku 36, n'kudzapha anthu oposa 1,000 kuno kwathu, ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kummwera. Amene ankamulondola ulendo wonsewo ndi masetilaiti ndi makompyuta a mayiko ena. Ng'amba ya 2024, imene inachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti ali pa ngozi, gwero lake linali El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific, kutali kumene Mmalawi sanaikeko chida choyezera. Ndipo mbiri yakale ya nyanja yathu yomwe tinaidziwa chifukwa cha mgwirizano. Mu 2005 ofufuza, motsogozedwa ndi mayunivesite a ku America, anaika makina obowolera pa chombo cha Viphya n'kubowola matope a pansi pa nyanja ya Malawi mamita pafupifupi 380. Matopewo anasunga mbiri ya zaka zoposa miliyoni imodzi, ndipo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa zimene zinatsitsa nyanjayi ndi mamita oposa 500. Ndalama zake zinachokera ku National Science Foundation ndi ku mgwirizano wa mayiko wobowola nthaka pofuna sayansi. Boma lathu silikanakwanitsa, ndipo dziko lonse lapansi linaphunzirapo za nyengo imene makolo a anthu onse anakhalamo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene mgwirizano wamtundu umenewu umalephera nthawi zonse, ndipo n'chimene chimandipweteka kwambiri. Ndalama za kafukufuku zimabwera za zaka zitatu, zikachuluka zisanu. Nyengo simveka m'zaka zitatu. Kuti munthu anene motsimikiza kuti mvula ya pamalo yasintha amafunika muyeso wa tsiku ndi tsiku wa zaka 30 kapena kuposerapo. Pulojekiti imagula chida chamakono choyezera nyengo, nduna imadzadula riboni, ndipo pulojekiti ikatha palibe amene ali ndi bajeti ya batire, ya mayunitsi otumizira deta, kapena ya malipiro a munthu wowerenga mulingo wa madzi pa mlatho m'mawa uliwonse. Opereka ndalama amakonda funso latsopano. Kuyeza chinthu chomwechomwecho chaka ndi chaka amakuona ngati si sayansi. Vutoli si lathu tokha. Charles David Keeling, amene anayamba kuyeza mpweya wa kaboni pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, anavutika nalo moyo wake wonse, ndipo mu 1964 muyeso wake unaduka kwa miyezi ingapo ndalama zitadulidwa. Lero mzere woonetsa miyeso yake, umene wakwera kuchoka pa magawo 315 kufika kupitirira 420 pa magawo miliyoni a mpweya, ndiwo umboni waukulu wa nkhani yonseyi.

Kwathu kuno mpatawo ndi waukulu zedi. Bungwe la zanyengo la padziko lonse limati Africa ili ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a malo oyezera nyengo amene amafunika. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130, gulu la World Weather Attribution linafufuza ngati kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvulayo. Linapeza kuti inde kunawonjezera, koma linalephera kunena kuti ndi mochuluka bwanji chifukwa cha kusowa kwa miyeso. Mwa malo 23 oyezera nyengo m'dera lokhudzidwa ku Mozambique, anayi okha ndiwo anali ndi miyeso yokwanira kuyambira 1981, ndipo ku Malawi ndi Madagascar sanapeze miyeso yoti n'kugwiritsa ntchito. Taganizirani tanthauzo lake pamene tikupita kukapempha chipukuta misozi ku thumba la zowonongeka limene linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022. Timapita ndi maliro enieni koma umboni wa manambala uli woperewera. Pofuna kutseka mpata umenewu, mu 2021 mabungwe a United Nations anakhazikitsa thumba lotchedwa SOFF, lothandiza mayiko osauka osati kugula zida kokha komanso kuziyendetsa. Ganizo lake n'lolondola, ngakhale likuyang'ana kwambiri za mumlengalenga kusiyana ndi za m'mitsinje.

Inu amene mumafufuza za madzi, mphamvu yanu ili pomwepa. Setilaiti imaona mitambo ndi kubiriwira kwa nthaka, koma kuti ziwerengero zake zikhulupirike zimafunika kuyerekezedwa ndi muyeso wa pansi. Tikudziwa kuti mtsinje wa Shire unaleka kutuluka m'nyanja pakati pa 1915 ndi 1935 chifukwa panali anthu amene ankalemba mulingo wa madzi. Wofufuza amene ali ndi miyeso yoyera ya mtsinje umodzi ya zaka khumi, kapena amene wasonkhanitsa mabuku akale a mvula a m'maesiteti a tiyi, m'mamishoni ndi m'maofesi a zaulimi n'kuwalowetsa m'kompyuta, sapemphanso malo pa pulojekiti. Amachita kufunidwa, ndipo amatha kunena zofuna zake. Ntchito imeneyi imafuna khama ndi chilolezo cha eni mabukuwo kuposa ndalama.

Tsono za kalowedwe. Nthawi yofunika kwambiri pa pulojekiti iliyonse ndi miyezi ya pulopozo isanatumizidwe. Mukalandira imelo yoti tumizani CV ndi kalata yovomera pofika Lachisanu, dziwani kuti funso, njira ndi bajeti zonse zatha kale, inu mukungofunika kuti fomu ikhale ndi dzina la ku Africa. Yankhani mwaulemu kuti mukufuna kuona pulopozo yonse ndi bajeti yonse, osati tsamba lanu lokha. Mnzanu weniweni sakana zimenezi. Pemphani gawo la ntchito limene mudzalitsogolere inuyo, lokhala ndi funso lake ndi ndalama zake. Mugwirizane polemba, ntchito isanayambe, za amene adzasunge deta, za mayina a pa zofalitsa, ndi za tsiku limene zotsatira zidzabwerere kwa anthu amene anayankha mafunso, m'chilankhulo chawo. Muikemo wophunzira mmodzi kapena awiri olembetsa pa yunivesite yanu, chifukwa zida zimawonongeka koma munthu wophunzira amatsala. Musaiwale ndalama zoyendetsera yunivesite, za magetsi, intaneti ndi akawuntanti. Pulogalamu ya kafukufuku ya European Union yotchedwa Horizon Europe, mwachitsanzo, imawonjezera 25 peresenti pa zimenezi. Ndipo funsani ngati ndalama zimabwera patsogolo kapena ngati mumayamba mwagwiritsa ntchito zanu n'kudzabwezeredwa. Yunivesite ya ku Ulaya ikhoza kudikira miyezi isanu ndi umodzi; yathu singathe. Bajeti ikhale m'ndalama yakunja, chifukwa amene anawerengera m'makwacha anaona zakuda kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023.

Makomo otseguka alipo kuposa mmene ambiri amaganizira. Horizon Europe, imene inayamba ndi bajeti ya mayuro 95.5 biliyoni ya zaka za 2021 mpaka 2027, imalola mabungwe a ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe kulandira ndalama mwachindunji, bola m'gulumo mukhale mabungwe atatu a m'mayiko a ku Ulaya kapena ogwirizana nawo. IDRC, nthambi ya boma la Canada yolipira kafukufuku wa chitukuko, yakhala ikupereka ndalama kwa ofufuza a kuno kuti atsogolere okha. Pa za madzi pali WaterNet, mgwirizano wa mayunivesite a kummwera ndi kummawa kwa Africa, ndipo pa zaulimi pali RUFORUM. Ndikulimbikitsani kwambiri kuyamba ndi anansi. Shire amathira mu Zambezi, ndipo wofufuza wa ku Tete kapena ku Lusaka ali ndi theka lina la funso lanu. Gulu la anthu a m'chigawo chino limene lagwirizana kale pa funso lake limakambirana ndi a ku Ulaya mosiyana kwambiri ndi munthu mmodzi wotoledwa payekha.

Chilungamo chimafuna kuti tinenenso za kwathu. Mayunivesite athu ena amachedwetsa malipoti a zachuma mpaka wopereka ndalama amaopa kutipatsa utsogoleri. Kugula chida chimodzi kumatenga chaka. Bajeti zina zimadzaza ndi mawekishopu a kunyanja ndi maalawansi pamene labotale ilibe mankhwala oyezera. Ndipo alipo akuluakulu amene dzina lawo limakhala pa pulojekiti iliyonse koma ntchito yonse amagwira achinyamata onga inu, osatchulidwa n'komwe. Zimenezi sizichokera ku London.

Chachikulu chimene chingasinthe zinthu ndi ndalama zathuzathu, ngakhale zochepa. Mayiko a mu African Union anagwirizana kalekale kuti aziika 1 peresenti ya chuma cha dziko pa kafukufuku, koma pafupifupi onse sanafikepo. Lamulo lathu la sayansi ndi luso la 2003 linakhazikitsa National Commission for Science and Technology, ndipo bungweli lili mu Science Granting Councils Initiative pamodzi ndi anzake a ku Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, kumene mabungwe a mu Africa amaphunzira kulengeza ndi kulipira kafukufuku mogwirizana. Kumbukirani mmene njira ya Belmont imayendera: dziko silifunika kulipira pulojekiti yonse, limangofunika kulipira anthu ake. Ndalama zokwanira ofufuza asanu kapena khumi zimagula mpando pa tebulo limene mutu umasankhidwira. Sikuti n'zachilendo kwa ife. Alimi a fodya akhala akulipira kafukufuku wa ARET kudzera m'ndalama zodulidwa pa malonda awo, ndipo makampani a tiyi amathandiza Tea Research Foundation of Central Africa ku Mulanje. Magetsi athu ambiri amachokera mu Shire, mabodi a madzi amatunga m'mitsinje imene ikuuma, minda ya nzimbe ya ku Nchalo imathirira ndi madzi omwewo. Onsewa ali ndi chifukwa chomveka cholipirira kuyeza madzi kosalekeza, ndipo ine ndikuona kuti ofufuza a zamadzi tiyenera kugogoda pa makomo amenewa ndi pepala la masamba awiri lofotokoza zimene kampaniyo idzapindule, m'malo momangodikira chilengezo cha kunja.

Za ganyu ija, sindikuuzani kuti muziikana, pakuti nanunso muli ndi banja lofuna kudya. Koma ulendo wina akadzabwera, vomerani ntchitoyo mutapempha zinthu ziwiri zolembedwa: kope la deta yonse imene mudzatolere, ndi ufulu wolemba nawo pepala limodzi lochokera m'detayo, dzina lanu lili poyamba. Ndiye pa ndalama za ganyuyo patulani kangachepe kogulira thabwa la mulingo wa madzi ndi kope lolimba, mupemphe chilolezo ku ofesi ya zamadzi ya m'boma lanu, mupeze mphunzitsi wa pulayimale kapena mlimi wokhala pafupi ndi mtsinje wanu, mugwirizane naye malipiro a pamwezi, ayambe kulemba m'mawa uliwonse nthawi yofanana.